Galasi la Mujinga

Ndimadula magalasi ku Kalingalinga,
kuseri kwa anyamata owotcherera mageti,
komwe fumbi la Ogasiti limalowa mpaka m'mano.
Ntchito yanga ndi mzere umodzi:
kukanda kamodzi, kugogoda kunsi, thyo!
Ukabwereza, lasweka.

Lachiwiri masana kudabwera Mujinga,
woluka tsitsi wa ku Mtendere,
chingwe m'manja, atachimanga mfundo zitatu.
Muyeso wake unali umenewo.
Chinyanja chake chinkatsimphina,
ndiye adaponya liwu limodzi, ine n'kumva ngati Chingerezi.
Ndidatulutsa la pawindo. Adapukusa mutu.
Ndidaloza a m'maso mwa bambo Sakala. Adaseka.
Tisauke, mnyamata wanga, adathamangira tambula
yomwe timamwera madzi,
poti Angerezi zonsezi adazipatsa dzina limodzi
ngati ana a pamitala,
nyumba zinayi, mfunda umodzi.

Iye adawerama, nalemba ndi chala pafumbi la pathebulo:
verre.
Ili, akuti, ndi loonera kunja, ndi lomweramo.
Ukangolitchula osalemba
khutu limamva nyongolotsi,
limamva mtundu wa msipu,
limamva mzere wa ndakatulo.
Pansi pake adalemba lina:
glace.
Ili ndi lomwe limakuyang'ana iweyo.
Ndi madzi oundananso.
Ndi ayisikilimu wa ana Lamulungu.

Ndidati kwathu ku Katete timati kalilole,
kungoti mu Lusaka liwulo lidatha ngati ngwee.
Lachingerezilo tidabwereka osabweza,
tidalipala m'mbali kuti lisacheke lilime:
ga-la-si.

Kenaka ndidatambasula chingwe chija.
Chopingasa, mikono iwiri.
Chokwera, n'chikhatho chimodzi ndi theka.
Ndidati, mayi, apa mwaphonya,
ili lidzangoonetsa mutu wa wokhala pampando,
inu woimirira lidzakudulani pakhosi.
Adati: ndi zomwezo.

Mageti ankalira kunja.
Sindidafunse, koma adanena.
Ku Likasi adasiya mnzake wobadwa naye mapasa.
Adamuika m'manda chaka chatha
iye ali kuno, mapepala ake ali mu ofesi ya wina.
Ndipo m'mawa uliwonse, akuti,
amaima kumbuyo kwa makasitomala anga,
chipeso m'kamwa, ngati ine,
kundiyang'ana.
Ndikaphethira amaphethira.
Sindingaluke bwino akundiyang'ana.

Ndadula magalasi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Tsiku limenelo dzanja lidanjenjemera.
Mzere udayenda, inde,
koma m'mbali mudandiluma chala chachikulu,
ndipo dontho lidagwera pa dontho linzake
lomwe linkakwera kuchokera m'kati kudzakumana nalo.

Adalipira theka, kwina pakutha pa mwezi.
Tisauke adaligoneka pawilibala, makatoni kunsi,
n'kuyamba kukankha thambo lonse la Lusaka
ndi mawaya ake a magetsi
kulowera ku Mtendere,
Mujinga ali patsogolo, osacheuka.

Usikuwo magetsi adazima,
monga mwa masiku onse.
Firiji ya mkazi wanga idayamba kulira misozi,
madzi oundana a malonda ake
akudontha pasimenti, ndo, ndo,
iye akuwerengera makwacha otayika mumdima.
Ine ndinkaganiza za anthu awo, Afalansa,
omwe adayang'ana nkhope zawo pakhoma
n'kuchitcha chinthucho dzina la chosungunuka.
Kapena ankadziwa kanthu.
Kapena ankangolakalaka.

Chidutswa chotsalacho, chakumwamba chija,
chomwe chikadanyamula maso ake,
chidakali pashopu, chayedzamira khoma.
Adabwera wa minibasi kudzachifuna, ndidakana.
Ndidachitembenuza kuti chiziyang'ana njerwa.
M'mawa ndikatsekula
ndimayamba ndapisa chala kunsi kwake.

Mpaka lero n'pouma.